Ndodo ya Mbedza ya ku Joni

Mkulu woyandikana nyumba ndi Dyson ali ndi ndodo ya mbedza yonyezimira, yokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Dyson akaiona, mtima umamuwawa. Mkuluyo amaipukuta ndi mpango, amvekere, “Chinthu chodula sichifuna matope.” N’chifukwa chake saponya pafupi ndi mabango, kumene milamba imabisala.

Tsiku lina ku mtsinje wa Phalombe, Dyson anakola milamba yonona ndi kansungwi kake, mkuluyo osapha kanthu. Pobwerera, mwaulemu, Dyson ankayenda pambuyo, nsomba zili m’manja.

Amayi a pamjigo anakuwa, “Agogo, ndodo yanuyi ndiye ikugwira ntchito! Mpaka mwapeza wokunyamulirani!”

Dyson anadikira kuti mkuluyo atsutse. Iwo anangoikweza m’mwamba, nati, “Eetu, ndi ya ku Joni.”