Mayi Wonyamula Moni

Inu amene mwagwira tsaya lero, tasenderani kuno ndikuuzeni za mayi wina wa pawindo la matikiti.

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, anatuluka mu ofesi ya mabasi atanyamula kapu yake ya tiyi ndi juzi basi. Zaka khumi ndi ziwiri, n'kuthera pa kapu! Sikuti analakwa ayi. Mafuta anali atakwera mtengo, tikiti nayo n'kukwera, ndipo pamsewu wautali wodutsa m'nkhalango achifwamba anali atayamba kugoneka mitengo kuti aimitse mabasi. Anthu anasiya kuyenda. Mabasi anatsala atatu, oyenda masana okha, motsogozana ngati abakha.

Mayiyu anali wamasiye wa ana atatu. Sabata isanathe anatulukira alamu ake, akulu a malemu mwamuna wake. Anakhala pampando wabwino uja, n'kuthira masupuni anayi a shuga m'nyumba ya munthu woti ntchito yamuthera.

"Mlamu, tisanamizane," anatero alamuwo. "Ana awa simuwatha. Wamkulu ndimutenga ine, wapakati apite kwa azakhali ake, inu mutsale ndi kamng'onoka."

"Alamu, ana si nkhuku zoti n'kugawana. Ndipatseni miyezi itatu."

"Itatu yomweyo. Ndidzabwera."

Mtima unamupweteka zedi. Anayesa kugulitsa madzi ozizira padepoti, koma ungagulitse kwa ndani padepoti yopanda anthu? Mwezi woyamba unapita chonchobe.

Tsiku lina anapeza telala woyandikana naye nyumba atakhala duu, deresi loyera lili pamiyendo. Mwana wamkazi wa telalayo ankakwatiwa Loweruka kutauni ya kumapeto kwa msewu uja. Deresi anasoka yekha, koma tikiti yopita ndi kubwera inali yoti agulitse makina.

"Ndipatse kondakitala?" anadandaula telala. "Deresi loyera pakati pa matumba a anyezi?"

Mayi uja maganizo anamubwerera. Kodi mumsewu uno ndi angati ali ndi kanthu kotumiza, koma ulendo ukuwakanika? Anayenda khomo ndi khomo. Uyu mankhwala a bambo ake, uyu bulangeti la mwana wa kusukulu, wina makiyi amene mlendo anaiwala. Aliyense anaponyapo kangachepe, tikiti yoti mayiyu akapereke zonsezo n'kukwana. Paja mutu umodzi susenza denga.

Pomuperekeza, onse ankati, "Mukapereke moni!" Inu ndi ine timadziwa kuti moni ameneyu amagwera m'njira, safika. Koma mayiyu anamutenga ngati katundu weniweni. Anali ndi kaluso kena: pawindo paja anaphunzira kutsanzira mawu a munthu aliyense.

Basi itafika m'nkhalango, anthu onse anangoti zii. Iye anakumbatira deresi. Anadutsa chimtengo chokankhidwira pambali pa msewu. Atatulukamo, dalaivala analiza hutala, basi yonse n'kuwomba m'manja.

Atafika kwa mkwatibwi anapereka deresi. Kenako anatsokomola kawiri, n'kupendeketsa mutu ngati munthu woyang'anira pamwamba pa magalasi.

"Iwe mwana," anatero ndi mawu enieni a telala, "usakayende ngati ukuthamangira basi, unding'ambira ntchito yanga. Ndiponso... ine bambo ako ndakunyadira."

Mkwatibwi anaseka mpaka kukhala pansi, kenako analira, n'kumukumbatira. Amayi onse amene anali m'nyumbamo anamuunjirira.

"Mayi, mubwerera liti? Inenso ndili ndi moni wa amayi anga!"

Kuyambira pamenepo dzina lake linakhala Mayi Moni. Musaganize kuti zonse zinali zosalala. Ulendo wina anabwerera panjira msewu utatsekedwa. Tikiti inakweranso. Miyendo inkatupa mpaka nsapato kukana. Koma Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse m'mawa ankapezeka padepoti ndi zikwama zake ziwiri. Lamulo lake linali limodzi.

"Ndalama tumizani pafoni, musandiitanire achifwamba. Ine ndimanyamula zimene foni singathe. Foni siikumbatira munthu."

Mwezi wachitatu utatha, alamu aja anagogoda. Ana atatu anathawira kuseri kwa chitseko atagwirana manja. Mayi Moni analozera alamuwo pampando wabwino uja, n'kuwasendezera shuga.

"Alamu, ana aja mwabwera kudzatenga?"

"Ana ati? Ine ndabwera ngati kasitomala." Anatulutsa kaphukusi m'jekete mwamanyazi. "Nsapato za mwana wanga wa kukoleji. Chaka chatha sindinamuone, ulendo wake unandikanika. Mukamupatse moni. Koma chonde mlamu, mawu anga musakawatsanzire."

Kuseri kwa chitseko kunaphulika phwete, chifukwa mawu amenewo ana ankawamva tsiku ndi tsiku mayi awo akuwatsanzira, ndi masupuni anayi omwe. Alamuwo anayang'ana uku ndi uku, nawonso n'kuseka mpaka misozi.

Lero Mayi Moni ali ndi kachipinda pafupi ndi depoti, mashelefu odzaza maphukusi, ndipo anzake awiri a pawindo paja amagwira naye ntchito. Kapu ija ikadalipo. Ana onse atatu amadyera mbale imodzi, pakhomo pa mayi awo.

Ndiye inu amene windo lanu latsekedwa, pukutani misozi, mudzuke. Tagogodani pakhomo la mnzanu mumve chimene chikumukanika, mwina ntchito yanu ili pomwepo. Osataya mtima, abale anga. Ndipo wina akakutumani moni, mukafikitse.