Machira a Agogo Pansi pa Mango

Ndikukumbukira tsiku limene ndinabweretsa machira kwathu, nthawi yomwe zipani zinali zitangochuluka ndipo kaunjika anasefukira pamsika wa Mitundu. Amayi anandituma kukagula nsalu yofunditsira fodya. Pamulu wa zovala zonunkha mankhwala ndinavundukula chinsalu chobiriwira, choterera, chokhala ndi zingwe uku ndi uku. Wogulitsa anati ndi katani ya azungu, ine n'kukhulupirira.

Amene anachizindikira anali agogo aamuna, bambo awo a amayi, omwe msana unkawamana tulo pamphasa. Anati awa ndi machira. Ali mnyamata ananyamulapo mzungu wokhometsa msonkho kuchokera ku Nathenje mpaka ku Nkhoma, ndipo phewa lawo lamanja linali lidakali ndi chipsera cha mtengo wake. Tsopano ankafuna alaweko zomwe ankamva mzunguyo.

Amayi anakana kwamtuwagalu. Kwathu machira ankanyamula wodwala kapena maliro basi, choncho kugonamo munthu wabwinobwino kunali kuitana imfa. Anati adula zingwezo, nsalu ipite kuchigafa. Ine ndinapsa mtima. Nkhalamba yosagona, ife n'kumaopa nsalu?

Masana amayi atapita kudimba, ndinatengera agogo pamitengo iwiri ya mango kuseri kwa khola. Kuti ndifikire bwino ndinaponda pamtondo, chinthu chinanso choletsedwa kwa mtsikana. Poyamba ndinakunga zingwe kwambiri, nsalu n'kuuma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo nditayesa kugonamo inanditembenuza n'kundilavulira m'fumbi. Nditakhwefula, matako anagunda pansi. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandiuza kuti ndimange zingwe m'mwamba ndithu, nsalu ilendewere mopindika ngati nthochi, kumiyendo kukwere pang'ono kuposa kumutu. Anatinso munthu sagonamo mowongoka, amagona chopingasa kuti msana uyale. Zonsezi anaziona kwa bwana uja, yemwe ankaliza mkonono iwo mapazi akuchucha magazi.

Nditamanga motero, agogo anakweramo. Amayi anatipeza mpeni uli m'manja mwawo. Ine ndinafumbata chingwe.

"Mayi, muyambe mwadula dzanja langali," ndinatero.

Anandiyang'ana ndi diso loti tionana. Koma asanayankhe, m'machiramo munatuluka mkonono, wautali, wa munthu amene wasowa tulo miyezi yambiri. Amayi anaima pomwepo kumvetsera bambo awo. Anapisa mpeni m'chitenje n'kundiuza monong'ona kuti ndithamangitse nkhuku zingawadzutse. Makofi a mlandu woponda mtondo ndinalandirabe madzulo ake, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Agogo anagonamo masana alionse kwa zaka zingapo, anthu odutsa akupukusa mitu. Atadwala kwambiri, amuna a m'mudzi anabwera kudzamasula machirawo kuti awanyamuliremo kupita kuchipatala. Agogo anakana ndi mawu otsalira omwe anali nawo.

"Awa asiyeni. Ine indinyamule ndi mitengo, mitengo ilibe mapewa."

Anapita pangolo, ndipo sanabwerere.

Masiku ano machira otere ndimawaona m'malo ogona alendo, achinyamata akujambulitsamo ndi mafoni, palibe wotchula za imfa. Ambiri amakunga zingwe mopitiriza n'kumadandaula msana, ine ndimangowayang'ana. Athu aja sitinawamasule. Anathera pamango pomwepo ndi dzuwa ndi mvula, osakhudzapo phewa la munthu.