Mabawuti a kilachi ndi dzanja la Ababa

Ndikukumbukira chaka chimene Ababa anavulala dzanja lamanja. Inali nyengo yodulira tiyi, chiperoni chitakuta esiteti yonse, pamene mpeni wa wantchito wina unaphonya nthambi n'kuwatema pachikhatho. Bala linapola, koma zala ziwiri zinauma, osapindikanso. Ababa anali kapitawo, ndipo minda imene ankayang'anira inali kuseri kwa zitunda, chakunjira ya ku Masambanjati. Ankapitako pa njinga yawo yamoto, yofiira, yokalamba kuposa ine. Bwana wa esiteti anawauza mosapsatira kuti akalephera kuzungulira mindayo, ukapitawo apatsa wina, ndipo ife tituluka m'nyumba ya kukompaundi.

Kuyendetsa anaphunziranso, ankapotokola chogwirira chowonjezera moto ndi chikhatho. Koma nayonso njinga inali itayamba kudwala kilachi. Ikafika pachitunda injini inkalira momvetsa chisoni, liwiro osaoneka, moti ana a sukulu tinkaipitirira wapansi tikuwapatsa moni Ababa.

Loweruka lina anaitsamiritsa pakhonde, n'kukhuthulira oyilo wakuda m'beseni la Amayi lochapira, zimene Amayi sanaiwale mpaka ukalamba wawo. Anachotsa mapuleti akutha a kilachi n'kuika atsopano amene anagula ku Luchenza. Ine ndinali pambali ndikusenda chinangwa, fungo la oyilo litasakanikirana ndi utsi wa nkhuni za bulugamu. Atafika pobwezera masipuling'i ndi mabawuti ake, anagwira sipanala ndi dzanja lamanzere, lomwe silinazolowere. Ndinangomva kuti thwa! Bawuti linathyoka, mutu wake n'kugubudukira pansi.

Ababa sanakalipe. Anakhala pansi, n'kuika dzanja lovulala lija pabondo, akuliyang'ana ngati la munthu wina. Ndinali ndisanawaonepo nkhope yotero, ndipo chinangwa chinandigwa m'manja.

A Namakhwa, oyandikana nafe nyumba, omwe anali mlonda kufakitale, anabwera atamva kuti zii pakhonde pathu. Anagogoda chotsalira cha bawuti ndi msomali mpaka chinatuluka, kenako anakatenga lina lofanana nalo m'chitini chawo cha zitsulo. Atadzipereka kuti amange okha, Ababa anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Inu achimwene, munapotokola mpopi wa kompaundi yonse mpaka kuuzula. Njinga yanga muisiye."

Kenako anatembenukira kwa ine. "Eneless, samba m'manja ubwere kuno."

"Mwana wamkazi ndi oyilo?" anafunsa Amayi ali pakhomo.

"Bawuti silidziwa zimenezo," anayankha Ababa.

Ndinali Sitandade 6, ndipo ndinayandikira ngati ndaitanidwa ku ofesi ya ahedi. Anandiuza kuti ndiyambe ndi zala zokha, bawuti lililonse ndilizungulitse mpaka likhudze sipuling'i. Likalimba poyambirira pomwe, ndibwerere m'mbuyo, chifukwa ndiye kuti mazinga apingasana. Onse atalowa anandipatsa sipanala, n'kundigwiritsa chakumutu, osati kumchira, kuti mphamvu isachuluke. Ndimange pang'ono, ndisiye, ndidumphire la kutsidya, osati loyandikana nalo. Anati ukamaliza limodzi anzake akadali olendewera, mbale yachitsulo yopanikiza mapuleti imapendekeka ndipo kilachi siigwira bwino.

Tinazungulira choncho kangapo, masipuling'i akufinyika pang'onopang'ono. Pomaliza Ababa anasanjika dzanja lovulala lija pamkono wanga. Linali lozizira, chipsera chake chokhakhala. Sankandikankha ayi, ankangomvera kudzera mwa ine.

"Wamva? Lakhala pamenepo. Likakhala, usalikakamize."

Ndinamvadi. Sipanala inalemera mwadzidzidzi, ngati bawuti likunena kuti basi. Tinatero ndi onse, ndipo palibe lomwe linathyoka. A Namakhwa anaomba m'manja, Amayi n'kulowa m'nyumba akung'ung'udza za diresi langa, koma madzulo ake anandiikira nsomba yaikulu kuposa ya aliyense.

Lolemba m'mawa sindinafulumire kupita kusukulu. Ine ndi Amayi tinaima kuseri kwa nyumba, mame akutinyowetsa mapazi, tikuyang'ana Ababa akulunjika chitunda pakati pa tiyi wodulidwa. Njinga inakwera osapumira, mpaka chipewa chawo chinalowa mu nkhungu. Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kundikalipira kuti ndachedwa. Ababa anagwira ukapitawo mpaka kupuma pantchito, ndipo nthawi zonse akamasula injini ankadikira kuti ndiweruke kaye.

Masiku ano njinga zamoto zili mbwee, za kabaza zadzadza pasiteji iliyonse kuyambira Goliati mpaka Luchenza. M'magalaji ena muli sipanala zimene zimalira zokha bawuti likakwana, ndipo atsikana ovala ovolosi sadabwitsanso munthu. Ababa anatisiya kale, ine ndine mphunzitsi wa imvi. Mwezi wathawu ndikudikira minibasi pa Luchenza, ndinaona mnyamata akumanga kilachi atakanikiza sipanala ndi thupi lonse. Pakamwa panandiyabwa.

"Pang'onopang'ono achimwene, lithyoka. Dumphirani la kutsidya."

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka ku dengu langa la nthochi, kenako anafewetsa dzanja.

"Mayi, zimenezi munazidziwira kuti?"

Ndinafuna kukhala pansi ndimuuze zonse, koma kondakitala anali atanyamula kale dengu langa.