Chikhululukiro cha a Blasius

A Blasius a ku Utale ali ndi mbiri imodzi yokha padziko pano: anakhululukirapo munthu. Kulima amalima mwaulesi, mbuzi zawo n'zowonda, koma chikhululukiro chimenecho ankachipukuta tsiku ndi tsiku kuposa njinga yawo.

Chaka china m'chilimwe, mnansi wawo Yoram anatentha tchire posaka mbewa. Mphepo inatembenuka, moto n'kulowa m'munda mwa a Blasius, nandolo yense psiti. Yoram anapita kukapepesa, chipewa chili m'manja. A Blasius sanayankhe kanthu pakhomopo, chifukwa panalibe owonerera. Anadikira msonkhano wa mphakati, kumene akhristu a m'mudzimo amapempherera limodzi, n'kuimirira, n'kukonza kolala.

"Abale anga, mtima ukuwawa, koma monga mkhristu, Yoram ndamukhululukira."

Amayi analiza nthungululu. Kukoma kwa nthungululuzo n'kumene kunawawononga bambowa.

Kuyambira pamenepo Yoram sanapumenso. Pamaliro, kuchigayo, kumsika, a Blasius ankamukoka dzanja n'kumuonetsa kwa anthu: "Uyu ndi uja anandiotchera nandolo, koma ine ndinaiwala kalekale." Kuiwala kwanji kokumbukira ndi kumene mphepo inkachokera komwe? Pa Misa, ikakwana nthawi yopatsana moni wa mtendere, ankasiya anzawo a pabenchi, kuponda anthu zala, kudutsa tchalitchi chonse kuti akagwire dzanja la Yoram aliyense akuona. M'mudzi anayamba kumutchula Yoram kuti Wokhululukidwa.

Tsiku la chinkhoswe cha Matilda, mwana wa Yoram, kunabwera akuchimuna ochokera ku Nayuchi, anthu osadziwa kanthu za nandolo. A Blasius mtima unachita dyokodyoko poona makutu atsopano. Palibe anawapempha kuti alankhule, koma anaimirira ndithu, n'kukonza kolala ija.

"Alendo athu, banja mukulowali ndi labwino. Inde, bambo a mtsikanayu nthawi ina anandi..."

Matilda anagwetsa nkhope. Ankhoswe a ku Nayuchi anayang'anizana. Apo Yoram anadzuka, n'kugwira dzanja la a Blasius ndi manja onse awiri, mwaulemu wake wonse.

"A Blasius, musanapitirize. Zaka zonsezi mwakhala mukundivula pagulu, lero mukufuna kuvulanso mwana wanga. Koma monga mkhristu, pamaso pa anthu onsewa, ine ndakukhululukirani."

Nthungululu zinalira, zamphamvu kuposa za kumphakati zija. A Blasius anadumpha ngati aponda khala la moto.

"Iyayi! Iweyo kukhululukira ine? Ndakulakwira chiyani? Chigawenga iwe, wotentha minda ya eni!"

Anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ndipo zonse zimene ankati anaiwala zinabwera zathunthu, osasowapo ngakhale phesi limodzi la nandolo. Akazi awo, manyazi atawagwira, anawakoka jekete kupita nawo kunyumba. Chinkhoswe chinapitirira, ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, anthu anavina mpaka fumbi kobo.

A Blasius akadalipo, ndipo Misa sajomba. Amakhala kutsogolo, amaimba mokweza kuposa kwaya. Koma masiku ano ikakwana nthawi ya moni wa mtendere, amene amadzuka ndi Yoram. Amadutsa tchalitchi chonse pang'onopang'ono, dzanja atatambasula, anthu akumupatsa njira. A Blasius akamuona akubwera amawerama msangamsanga, n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, chonsecho nsapato zawozo n'zopanda zingwe.