Tsiku Limene Fita Inazungulira Yopanda Mawu

Ine si munthu wolankhula pagulu. Ngakhale lero pamsonkhano ndimakhala kumbuyo. Koma nthawi ina, nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi isanathe, mawu anga ankamveka m'mawailesi kuyambira ku Vila Coutinho mpaka ku Kalomwe, akuuza anthu sopo woti agule.

Anandisankha ndi apadiri a kumishoni kwathu. Mzungu wina wojambula mawu ndi sinema anabwera kudzafuna mnyamata wowerenga Chinyanja mosadodoma, ndipo apadiri anakumbukira kuti ndikamawerenga m'tchalitchi mawu ankatuluka owongoka. Ndinavala malaya anga a Lamulungu n'kupita.

Tinkagwirira m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa sitolo ina ku Vila. M'makoma anali atapachikamo masaka a mbatata ndi mabulangete kuti mawu asamabwerere. Pakati panali maikolofoni, pambali makina a mawilo awiri ozunguza fita, kalamba kopyapyala kamene kankasunga mawuwo. Mzungu akakweza lapisi yake yolembera ndinkakoka mpweya, akaitsitsa ndinkayamba. Tambala akalira panja, tinkabwereza.

Wothandiza wake anali bambo wina wa ku Tete, wonenepa, wokonda nthabwala, amene ankayendetsanso galimoto. Ntchito anandiphunzitsa ndi iwowo.

"Iwe kamwana ka padiri, chitsulocho si mpongozi wako, usachithawe. Yandikira. Ayi, osachipsompsona! Chikhatho chimodzi basi. Ndipo uzisekerera ukamanena za sopo."

"Nanga andiona ndani, bambo?"

"Khutu limaona mano, mwanawe."

Ndinagulitsa sopo, miyala ya wailesi, feteleza wothira mbatata amene tinkamutchula adubu. Mawu ndinkawayeserera panjira mpaka abusa a ng'ombe ankandiseka. Mzungu akangoti ndachita bwino, ndinkayenda nalo liwulo tsiku lonse. Ntchitoyo ndinaikonda chifukwa ndinkalankhula ndi anthu ambiri popanda wondiyang'ana m'maso. Malume atandimva pawailesi ya m'kantina, anabwera kudzandiuza kuti adubuyo adzagula akadzamumva kwa munthu amene analimapo munda wakewake.

Kenaka mzungu uja anauza apadiri kuti akamaliza sinema imene ankakonza, anditenga ku Beira ndikalembedwe ntchito yolankhula pawailesi. Mayi anayamba kuuza anzawo kuchitsime. Kwa mnyamata amene sukulu yake inathera pamishoni, khomo lina lotere panalibe, ndipo ndinkalifuna ndi mtima wonse.

Sinemayo inali yoonetsa minda yatsopano ya mbatata, yoti aziyenda nayo m'midzi. Mawu anandipatsa papepala, ndinawaloweza, sindinaonemo chovuta. Mzere wina unkati: "Pano panali thengo lopanda mwini, mobisala njoka. Taonani lero."

Tsiku lojambula, m'mawa, anatseka zenera ndi bulangete n'kupachika nsalu yoyera. Ntchito yanga inali yoti liwu lililonse ligwere pachithunzi chake. Poyamba zinayenda bwino. Mizere yayitali, amayi akukumba, masaka akukwezedwa m'galimoto. Kenaka panabwera kankhalango kokhala kokha pamtunda wopanda mitengo, ndi mathirakitala awiri akukoka tcheni chimodzi.

Kwathu kuno, ukaona mitengo itaunjikana payokha pakati pa minda, ngakhale mwana amadziwa chimene chilimo, ndipo saloza ndi chala. Koma kankhalango aka ndinkakadziwa kuposa pamenepo. Kanali ka mudzi woyandikana ndi wathu, umene anthu ake asilikali anali atawasamutsira kumudzi wa mpanda wa waya. Kukagwa maliro m'mudzi umenewo okumba tinkakhala ife, pakuti eni maliro sadzikumbira okha. Ndinali nditalowamo kangapo ndi khasu pamodzi ndi adzukulu anzanga. Ndinali nditadyera momwemo, nditakhala pamuzu wa mtengo umene tsopano unkagwa pansaluyo. Tcheni chitadutsa, ndinaona mbale yoyera ya pamtumbira ikugubuduka.

Lapisi inatsika kuti ndinene mzere uja wa thengo lopanda mwini. Ine sindinayambe.

Mzungu anaimitsa makina. "Watani? Wasokera mzere?"

"Pepani, Sinyolo," ndinatero m'Chipwitikizi changa cha kumishoni, maso ali pansi. "Amenewo ndi manda."

Ndinkaganiza kuti sakudziwa, ndipo kuti ndikamuuza andithokoza.

"Ndikudziwa," anayankha. "Anajambula ndine. Tiyambirenso."

Anabweza zithunzi m'mbuyo, mitengo inadzuka n'kuimanso. Lapisi inakwera, inatsika. Mitengo inagwanso.

"Sinyolo, ndikhoza kunena kuti pano panali manda. Kapena tingodutsa popanda mawu, pamveke mathirakitala okha. Zina zonse ndiwerenga bwino kwambiri."

"Pepalali linavomerezedwa kuofesi. Silisintha."

Bambo a ku Tete anandiyandikira ngati akukonza chingwe cha maikolofoni, nalankhula chapansipansi m'Chinyanja.

"Mwanawe, akufa saonera sinema. Nena tikadye."

"Amoyo adzaonera, bambo. Ana a munthu amene ndinamukwirira momwemo adzakhala kutsogolo kwenikweni. Mawu anga akuwadziwa."

"Ndiye adzakutani? Adzakulodza? Mitengo yagwa kale, iwe. Ukakhala chete idzukanso?"

"Sidzuka."

"Nanga tsono? Ukufuna ukafotokozere apolisi aja ofunsa mafunso akukumenya m'manja ndi mbalamatodya? Manja ako a padiriwo sangapirire. Beira, mwanawe. Nsapato. Atsikana akumva mawu ako akutsuka mbale."

Anaseka, koma nkhope yawo inali ikutuluka thukuta. Ankandifunira zabwino, ndipo mpaka lero sindiwasungira chakukhosi. Mantha ndinali nawo.

Mzungu anati ayesa komaliza. Lapisi itatsika, sanaimitse makina monga poyamba. Anangopinda manja n'kumandiyang'ana, fita ikuzungulira. Ankandidziwa. Anali ataona kuti ndine mnyamata wosatha kupirira diso la munthu wamkulu, ndipo ankadikira kuti manyazi anditsegule pakamwa. Kankhalango kanagwa konse. Panabwera mizere yatsopano pamalo pomwepo, mbatata zitachita maluwa, kenaka mzungu wina atanyamula mbatata yaikulu akusekerera. Mawu a zithunzi zonsezo ndinali nawo pamutu, ndipo ankabwera okha mpaka palilime. Ndinaluma mano. Kwa nthawi yoyamba ndinakweza mutu n'kumuyang'ana, ndipo sindinachotse maso kufikira fita inatha, nsonga yake n'kumamenya makina kuti phaphapha.

"Tuluka," anatero. "Siya pepalalo."

Ndinaliika patebulo bwinobwino, ndinaliwongola ngodya imene inali itapindika. Pakhomo ndinamva pakamwa panga pakuti zikomo, monga ndinazolowerera. Liwu lokhalo ndi limene ndimadandaula nalo.

Madzulo ake apadiri anandiitana. Anali atandichonderera kwa mzungu uja. Nkhani sipita kuofesi, anatero, ndipo ngati ndikafika m'mawa galimoto isananyamuke, n'kuwerenga mzerewo, za ku Beira zikhala momwe zinaliri.

"Ndi mzere umodzi, mwana wanga."

"Ndi umodzidi, Bambo."

"Ndiye upita?"

"Pepani, Bambo. Sindipita."

Aka kanali koyamba kuwakanira chinthu chilichonse. Anangoti ndizipita kwathu.

Mayi sanandilankhule. Anali atauza kale anthu, ndipo tsopano anayenera kukawauza zina. Malume anangofunsa kuti ndi manda ati. Nditawauza, anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, nachivalanso.

M'mawa mwake ndinali m'munda wa nyemba kumtunda kwa msewu pamene galimoto ija inadutsa. Inachepetsa liwiro. Bambo a ku Tete analiza hutala, anatulutsa mkono pazenera n'kumandikodola. Kutsika kunali kosavuta, msewu unali pafupi. Ndinawabayibitsa ndi dzanja, ndipo fumbi linawatsatira kulowera ku Tete.

Ku Beira sindinapiteko, ndipo sindinaimenso pamaikolofoni. Anzanga ena, pamene timakalamba, amandiuza kuti ndinataya moyo wabwino pachabe, chifukwa sinemayo inatulukabe ndipo inaonetsedwa ngakhale kumudzi wa waya kuja, mzerewo uli momwemo. N'zoona. Inatuluka ndi mawu a munthu wina.