Ambulansi Inaima Kutsidya

Bambo ake a Temwa atamwalira, ndinangoti basi, ndikupita ku Joni. Palibe anandikakamiza. Munda wathu ku Wenya sukanatidyetsa awirife, ndipo ine si munthu wopemphetsa mchere m'makomo. Temwa, mwana wanga mmodzi yekhayo, ndinamusiya m'manja mwa achimwene anga a Wongani. Pa depoti ku Boma mwanayo sanalire, anangondigwira chitenje mpaka kondakitala anachita kumuchotsa dzanja.

Ku Joni ndinapeza ntchito yosamalira gogo wina wachizungu. Ndalama ndinkatumiza, koma kusungulumwa kwake, abale! Lamlungu ndinkakhala m'kachipinda kanga n'kumalankhula ndekha Chitumbuka kuti lilime lisaume. Ndikaimba kumudzi yankho la achimwene kwa ine mlongo wawo linali limodzi: “Tili makora, adumbu, musadandaule.” Chaka ndi chaka onse anali bwino, ngati kuti ku Wenya nkhuku siifa.

Tsiku lina gogo uja anagwa m'bafa. Ndinaimba nambala ya ambulansi, ndinatchula msewu ndi nyumba, ndipo ndisanamalize kumufunditsa anthu anali atafika pageti. Chinthu chimenecho chinandikhala mumtima. Ndinkati munthu ukakhala ndi foni ndi pakamwa, imfa imayamba yadikira.

Ndinabwerera Temwa atakwatiwa, ali ndi pakati poyamba. Mwamuna wake anali ku Tunduma, ku Tanzania, pa geni, ndiye mwanayo anadzakhala nane. Wanjinga yamoto amene ananditenga pamsewu waukulu sanadzere njira ya kuchigayo imene ndinkaidziwa, anakhotera kumtunda kwa sukulu. Ndinangoti ndi chidule cha anyamata amasiku ano. Ndinali kalikiliki kugwira zikwama, sindinafunse.

Mvula inayamba molawirira chaka chimenecho. Kumapiri a Mafinga kunkada bii masanasana, mabingu akungogunda kutali osaleka. Temwa miyendo inatupa. Ndinamuuza kuti atenge nambala ya dalaivala wa ambulansi kusikelo, ndipo ndinaisunga mufoni, mtima n'kukhala pansi.

Linali tsiku lowala bwino, titangodya chamasana. Ndinamva “Amama!” kuseri kwa nyumba. Ndinamupeza atagwada, chitenje chonse chili magazi, ndipo masiku ake anali asanakwane.

A Wongani anafika akuthamanga. Atangomuona anati, “Adumbu, timange machira. Timunyamule pompano, tidzere kusukulu mpaka pamsewu.”

“Mwana akutaya magazi chonchi mumugwedeze pamitengo? Ayi! Ndikuitana ambulansi.”

Ndinalankhula mwaukali, ndipo iwo anagonja. Munthu wochoka ku Joni anthu amamuopa pakamwa. Ndinakwera pachulu pamene timapezera netiweki. Dalaivala anayankha msanga, munthu waulemu, Chichewa chake cha ku Dedza.

“Mayi, ine kuno ndangobwera kumene. Ndilongosolereni njira bwinobwino.”

Ndinamulongosolera ndithu, osaphonya. Mukafika pachigayo mukhotere kumanzere, mutsike, muwoloke mlatho, nyumba yamalata yoyamba ndi yathu. Njira imene ndinayendamo ndili mwana, njira imene ndinkaiyenda m'maloto ku Joni.

Tinadikira. Kumapiri kunadanso, mphepo inayamba kuzizira. Temwa anasiya kubuula, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa kulira. Milomo yake inayera. Azimayi oyandikana nafe anadzaza pakhonde, ndipo ndinaona amuna awiri akusadza mitengo kuseri kwa khola, osayang'ana kwa ine.

Kenako tinamva kulira kwa ambulansi. Ndinati Mulungu ndi wamkulu! Koma a Wongani anaimirira, khutu atalozetsa kumunsi.

“Adumbu, mwawauza njira iti?”

“Ya kuchigayo, nanga pali inanso?”

Anagwira mutu. Mlatho unapita ndi madzi kalekale, ine ndili ku Joni. Galimoto zonse zinkazungulira kutali, kumtunda kwa sukulu.

Foni inalira. “Mayi, ndaima pamtsinje. Palibe powolokera apa. Kuti ndizungulire, ndi matope amenewa, sindikulonjezani.”

Machira aja anali atamangidwa kale. Amuna anamunyamula Temwa kutsikira kumtsinje, ine pambuyo ndikuterereka, nsapato ndinazisiya m'matope. Ambulansi inali kutsidya, nyali zake zikuphethira, pafupi poti ukhoza kuponya mwala. Madzi anali ofiira, akukwera, atanyamula zinyalala ndi nthambi za kumapiri. Amuna aja analowa choncho, madzi m'chifuwa, machira atakweza pamwamba pa mitu. Wina anaterereka, mwana wanga anapendekeka, ndinakuwa mpaka mawu anatha.

Anawoloka. Temwa anapulumuka, anachita kumuwonjezera magazi kuchipatala. Khanda silinalire. Anali mwana wamwamuna.

Patapita masabata ndinawapeza a Wongani akusula khasu. Mkwiyo unali utandidzaza, ndipo ndinafuna wina woti ndimutulire.

“Zaka zonsezi ndikuimba foni, nanga nditafika, osandiuza za mlatho bwanji?”

Anaika khasu pansi. Sanakweze mawu.

“Pafoni tinkaopa kukudandaulitsani. Mutabwera, palibe anaganiza zokuuzani. Alendo ndi amene timawauza njira, adumbu. Inu tinkati ndinu wakuno.”