Amayi a M'khitchini Mwanga

Chaka chimene namondwe anadzaza nyanja ya Chilwa mpaka madzi kumiza minda yathu ya mpunga, nyumba za zidina zinasungunuka ngati mchere. Yanga inapulumuka chifukwa ili pamalo okwera. Ya amayi oyandikana nane, mayi wamasiye wokalamba wopanda mwana, amene makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale, inagwa yonse. Panatsala mulu wa matope ndi chitseko basi.

Onse amene nyumba zawo zinagwa anathawira kusukulu. Ine ndinawapeza amayiwo panjira, kamtolo pamutu, akulowera komweko. Ndinapsa mtima. Kwathu kuno munthu wamkulu sagona m'kalasi mopanikizana ndi ana pamene mnansi wake ali ndi denga. Angakunene mpaka kutchalitchi. Ndinawalanda kamtoloko n'kukawayalira mphasa m'khitchini mwanga. Ndisaname, masiku amenewo ndinkayenda modzimva. Aliyense wodzapala moto ndinkaonetsetsa kuti wamuona mlendo wanga.

Madzi ataphwa kunabwera anthu a kukhonsolo. Anati kwapezeka thandizo lomangira nyumba za njerwa zootcha ndi malata kumtunda, koma silikwanira aliyense, ndiye ayamba ndi amene alibiretu pogona. Anayambira kusukulu, kenako n'kuyenda m'mudzi. Pakhomo panga anawapeza amayiwo ali pamkeka akupeta mpunga, atavala chitenje changa chatsopano. Ndinali nditawakakamiza kuvala m'mawa womwewo kuti alendo asamati ndikuwazunza.

Mtsikana wina mwa anthu a kukhonsolowo anagwada mwaulemu n'kuwafunsa ngati ali ndi pogona. Amayiwo anayamba ayang'ana ine. Ndinali chiimire pakhomo, mano onse pamtunda ngati mkwatibwi.

"Ndili bwino, mwana wanga," anatero. "Akundisunga bwino pano. Sindikusowa kanthu."

Akananenanso chiyani? Mlendo sanganene pamaso pa mwini khomo kuti amagona mu utsi pambali pa nkhuku. Ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinawonjezera kuti pamene ine ndili moyo, amayiwa sadzagona panja. Mtsikanayo anandiyamikira kwambiri, anati pakanakhala anthu ambiri ngati ine ntchito yawo ikanachepa. Ndinakondwa tsiku lonse.

Nyumba zija zinamangidwadi. Amene anapirira udzudzu wa kusukulu analandira makiyi, malata akuwala mpaka kuonekera kudooko la asodzi. M'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Ndinakwera kabaza kukafotokoza kuofesi kuti amayiwo alibe nyumba, kuti khitchini ndi yanga, kuti tinayankha mwaulemu chabe. Anandimvetsera bwinobwino, n'kunena kuti thandizo la chaka chimenecho latha, tidikire lina. Tikudikirabe. Mvula yabwera n'kupita, yabweranso.

Chimene chimandipweteka n'chakuti sanandinenepo. Akanandilalatira ndikanapeza poyankhira, poti kukangana ndimatha. Koma iwo m'mawa uliwonse amapinda mphasa, kumanga kamtolo kawo kaja, n'kutuluka msanga kuti ndikoleze moto momasuka. Amapita kubwinja kwawo kukasesa. Amasesa bwalo la nyumba imene kulibe, n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko chija, chimene anachitsamiritsa kumtengo wa mango. Ndikamadutsa popita kumunda ndimayang'ana kumbali, manyazi atandigwira.

Ndinawauzapo kuti tikakolola mpunga tiumbe zidina timangenso pomwepo. Anandifunsa ngati madzi analonjeza kuti sadzabweranso.

Madzulo amabwerera. Amaima panja pa khitchini imene akhala akugonamo nthawi yonseyi, n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Odi."

"Amayi, mukuodira ndani? Pano ndi panu!" ndimawakalipira.

Amaseka, n'kulowa chowerama. Mawa lake madzulo ndimamvanso kuwomba kuja.

"Odi."